Makadi, Zimbale ndi Pasiwedi: Zimene Ndidaona Pakauntala ya Laibulale

Ndidalowa ntchito ya mulaibulale nthawi imene munthu wofuna buku ankayamba wawerama patsogolo pa kabati ya matabwa yokhala ndi timadirowa tambirimbiri. M'kadirowa kalikonse munali makadi a masentimita 7.5 m'lifupi ndi 12.5 m'litali, obooledwa cha m'munsi, ndipo kachitsulo kankadutsa m'mabowomo kuti wina asasolole khadi n'kuliponya m'thumba. Buku limodzi linkakhala ndi makadi atatu kapena kuposa apo: la dzina la mlembi, la mutu wa buku, ndi la nkhani imene bukulo likukamba. Makadiwo tinkataipa tokha. Chilembo chimodzi chikasokonekera pa nambala ya pamsana pa buku, bukulo linali lotayika ngakhale lili m'nyumba momwemo, chifukwa palibe akadalifuna pamalo pamene lagonapo. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse, zitseko zisanatsegulidwe, tinkayenda m'mashelefu chala chili pamisana ya mabuku, kuonetsetsa kuti lililonse lili pakati pa anzake oyenera.

Koma phata la ntchito yathu linali pakauntala. Wochita kafukufuku akabwera, funso lake loyamba kawirikawiri silinkakhala lenilenilo. Ankati, "Achimwene, ndikufuna mabuku a za ulimi wa m'maesiteti." Iwe unkadziwiratu kuti kuseri kwa mawuwo kuli china. "Aphunzitsi, mukunena maesiteti a tiyi kapena a fodya? Nanga a zaka ziti?" Mukakambirana pang'ono zinkatulukira kuti munthuyo akufufuza za thangata, osatinso za ku Magomero za nthawi ya John Chilembwe, koma za ku Thyolo za zipolowe za 1953. Apo mpamene unkadziwa kopita naye: ku mashelefu a DT, kumene dongosolo la Library of Congress limaika mbiri ya Africa, kapena kuchipinda cha Malawiana, kumene kumasungidwa zolembedwa za dziko lino, zosaloledwa kutuluka panja. Ambiri ankachoka pakauntalapo funso lawo litanoleka kuposa mmene lidabwerera. Ndipo popita kukatenga buku limodzi pashelefu, maso ankagwera pa ena awiri atatu oyandikana nalo amene munthuyo sankadziwa n'komwe kuti adalembedwa.

Malaibulale a kafukufuku m'dziko muno ndi a msinkhu umodzi ndi ufulu wathu wodzilamulira. Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa mu 1964, ndipo ophunzira oyamba adalowa m'kalasi ku Chichiri mu 1965. Chancellor College idasamukira ku Zomba mu 1973. Bunda inali ndi laibulale yake ya zaulimi, Polytechnic yake ya zaumisiri. Kamuzu College of Nursing idadza mu 1979, College of Medicine mu 1991. Lamulo lokhazikitsa National Library Service lidavomerezedwa mu 1967, ndipo bungwe la ogwira ntchito m'malaibulale, MALA, lidayamba mu 1976. Ambiri a ife tidaphunzira ntchito kudzera m'maphunziro a satifiketi a bungwe limeneli, Yunivesite ya Mzuzu isanayambe kupereka madigiri a ntchitoyi.

Mkulu wa onsewa ndi National Archives ya ku Zomba, imene idatsegulidwa mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives ya ku Salisbury. Pamene inkatsegulidwa n'kuti zambiri zitatayika kale. Mu 1919 moto udapsereza maofesi a Secretariat ku Zomba, ndipo mafaelo ochuluka a zaka zoyambirira za boma la atsamunda adasanduka phulusa. Chiyambire pamenepo, Mmalawi wofuna kudziwa bwino zimene boma linkalemba m'masiku a Harry Johnston kapena pa nkhondo ya Chilembwe ya 1915 amayenera kuyang'ana ku London, m'mafaelo a Foreign Office ndi m'mafaelo a Colonial Office otchedwa CO 525 amene amasungidwa ku Kew. Makalata ambiri a amishoni a ku Blantyre ndi ku Livingstonia ali ku Edinburgh. Choncho vuto loti mbiri yathu ili kutali ndi eni akefe silidabwere ndi kompyuta. Komabe ku Zomba kudatsala chuma, ndipo chinkapezeka ndi munthu wodekha, wotsegula faelo ndi faelo. Zimene George Simeon Mwase adalemba zokhudza Chilembwe zidagona zaka pafupifupi 30 osadziwika, mpaka Robert Rotberg adazipeza kumeneko n'kuzisindikiza mu 1967 pa mutu wa Strike a Blow and Die.

Wasayansi anali ndi njira yakeyake, yaitali kwambiri. Dokotala wofuna kudziwa zatsopano za malungo ankakhala pansi ndi mabuku olemera a Index Medicus, kutsegula mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, akukopera mitu ya nkhani m'kope lake. Wa zaulimi ankatero ndi mabuku a Commonwealth Agricultural Bureaux, wa kemisitire ndi Chemical Abstracts. Akamaliza ankabwera ndi mndandanda wa nkhani makumi awiri, ife n'kupeza kuti m'magazini a kafukufuku amene tinali nawo muli zitatu zokha. Zotsalazo tinkaitanitsa. Tinkadzaza fomu, kumatapo kuponi, n'kuiponya papositi kupita ku Boston Spa ku Yorkshire, kumene British Library inali ndi nyumba yojambula nkhani za m'magazini n'kuzitumiza padziko lonse. Envelopu inkabwera patapita masabata angapo, nthawi zina miyezi. Popeza makuponi anali owerengeka, tinkamupempha munthuyo kuti asankhe zisanu zokha zimene sangachite popanda izo. Nkhani yofika movutikira chonchi inkawerengedwa mpaka mapepala kufewa, ndipo inkazungulira dipatimenti yonse.

Kenaka idadza njala ya mabuku ya m'zaka za m'ma 1980. Boma lidayamba ndondomeko zochepetsa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama mogwirizana ndi World Bank ndi IMF, nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, ndipo chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo. Magazini a kafukufuku amalipiridwa ndi ndalama zakunja, chaka chisanayambe. Chaka chilichonse tinkakhala pansi ndi akuluakulu a madipatimenti kusankha oti tisiye kulipira. Mpaka lero mukayenda m'mashelefu a magazini akale m'makoleji athu mudzaona mzere wa mavoliyumu osokedwa bwino ukuyenda chaka ndi chaka, kenaka n'kuduka mwadzidzidzi. Chaka chimene wadukiracho ndicho chaka chimene ndalama zidatha. Tidapulumukira mabuku a mphatso, makamaka ochokera ku Ranfurly Library Service, imene mu 1994 idasintha dzina kukhala Book Aid International, ndi ku British Council. Ambiri anali othandiza zedi. Koma makatoni ena ochokera kwa anthu ena akufuna kwabwino ankakhala ngati belo la kaunjika: umatenga zimene wapezamo, osati zimene umafuna, ndipo pakati pa mabuku khumi a malamulo a misonkho ya dziko lina unkapezamo limodzi lokukwana.

Panalinso njala ina yochita kupangidwa ndi anthu. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments la 1968 lidakhazikitsa bungwe loletsa mabuku, ndipo mndandanda wa oletsedwa unkatalika chaka ndi chaka. Buku likaletsedwa linkachoka pashelefu. Ndakatulo za Jack Mapanje za Of Chameleons and Gods, zosindikizidwa mu 1981, zidachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale mu 1985, ndipo mwini wakeyo adamangidwa mu 1987 mpaka 1991. Masiku amenewo anthu ankasamala pofunsa. Ena ankatsitsa mawu pakauntala, ena ankakonda kuwerengera buku pomwepo kusiyana ndi kulibwereka, chifukwa kubwereka kunkasiya dzina lako pakhadi. Kumeneko nkumene ndidaphunzira kuti chimene munthu wawerenga ndi chinsinsi chake, ndipo wa mulaibulale sachitulutsa. Ndimakumbukira zimenezi ndikamaona lero mmene makina amasungira mawu aliwonse amene munthu wafufuza, ola lake ndi kompyuta imene anali.

Kusintha kudayamba mwakachetechete, ndi zimbale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, mabuku olemera aja adayamba kubwera pa CD-ROM: MEDLINE ya zachipatala, CAB Abstracts ndi AGRIS za zaulimi, POPLINE ya za chiwerengero cha anthu. Kompyuta inkakhala imodzi, m'kachipinda kokhoma, yofundika nsalu kuopa fumbi. Wochita kafukufuku ankalembetsa ola lake, n'kukhala pambali pako iwe ukutaipa. Ntchito ya sabata yathunthu inkatha m'mphindi khumi. Ndidaona madokotala achikulire akugwira pakamwa, mndandanda wa nkhani mazana awiri ukutuluka m'makina osindikizira. Koma chimwemwecho chinkafupika, pakuti zimbalezo zinkangopereka mutu ndi chidule; nkhani yeniyeniyo inali ikadali ku Boston Spa. Tsopano munthu ankadziwa bwino lomwe kuchuluka kwa zimene akusowa. Pa nthawi yomweyo tidayamba kusamutsira makadi athu m'kompyuta pogwiritsa ntchito CDS/ISIS, pulogalamu imene UNESCO inkapereka ulere. Cha mu 1999 laibulale ya Mann ya ku Cornell University idatulutsa TEEAL, bokosi la zimbale zambirimbiri zokhala ndi nkhani zathunthu za m'magazini a zaulimi, lopangidwira maiko ngati lathu amene analibe intaneti yodalirika. Kwa anthu a zaulimi bokosi limenelo lidatseka mpata wa zaka zambiri.

Imelo idafika kudzera ku Chancellor College kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pa njira ya Fidonet imene Dr Paulos Nyirenda a ku dipatimenti ya fizikisi adaiyendetsa. Makalata ankaunjikana m'kompyuta imodzi n'kutumizidwa pamodzi kudzera pa waya wa telefoni. Intaneti yathunthu idafika m'dziko muno cha mu 1997, chaka chomwe PubMed, tsamba lofufuzira nkhani za zachipatala, idatsegulidwa ulere kwa aliyense. Koma magazini enieniwo anali okhomabe, ndipo kwacha, imene idasiyidwa kuti izidziyendera yokha pamsika mu February 1994, inali itafooka moti kulipira kunali kosatheka.

Zitseko zidatseguka pakati pa 2002 ndi 2006, ndipo kwa ine zimenezi ndizo zaka zazikulu koposa m'mbiri ya ntchito yathu. Mu January 2002 World Health Organization idayambitsa HINARI, mogwirizana ndi makampani asanu ndi imodzi osindikiza magazini, kuphatikizapo Elsevier, Springer, Wiley ndi Blackwell. Magazini a zachipatala pafupifupi 1,500 adatsegulidwa ulere kwa makoleji ndi zipatala za m'maiko osauka kwambiri, ndipo Malawi anali m'gulumo. FAO idatsatira ndi AGORA ya zaulimi mu 2003, kenaka kudabwera OARE ya zachilengedwe mu 2006. Lero zonsezi zili pansi pa dzina limodzi la Research4Life. Bungwe la INASP la ku Oxford lidakambirana ndi osindikiza ena kuti atitsitsire mitengo kudzera mu pulogalamu ya PERI, ndipo bungwe lina la eIFL lidachita chimodzimodzi. Mu 2006 JSTOR, nkhokwe ya magazini ya pa intaneti, idachotsa malipiro kwa makoleji a mu Africa. Laibulale imene inkavutika kulipira magazini makumi angapo idapezeka ili ndi zikwizikwi.

Kuno kwathu malaibulale adazindikira kuti payekhapayekha sangakwanitse, ndipo mu 2003 adapanga mgwirizano wa MALICO, kuti azisonkha ndalama n'kulipira pamodzi. Posakhalitsa zidaoneka kuti kukhala ndi chilolezo chowerenga n'kopanda phindu ngati waya wa telefoni sungathe kunyamula nkhani imodzi. Apa mpamene anthu a m'malaibulale adachita chinthu chimene ambiri lero sachidziwa: ndiwo adatsogolera kubweretsa intaneti yamphamvu m'makoleji. Ndi thandizo la Open Society Initiative for Southern Africa ndi ena, cha mu 2005 MALICO idaimika mbale za setilaiti za VSAT ku Chancellor College, ku College of Medicine, ku Bunda ndi ku Yunivesite ya Mzuzu. Mayi Margaret Ngwira, amene adagwira ntchito mulaibulale ya Bunda kenaka ya Kamuzu College of Nursing, anali mmodzi mwa amene adatsogolera ntchitoyi, ndiponso mmodzi mwa oyambitsa UbuntuNet Alliance, mgwirizano wolumikiza mayunivesite a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, umene likulu lake lili ku Lilongwe. Bungwe la kuno limene lili mu mgwirizanowu ndi MAREN. Setilaiti inali yodula ndi yochedwa. Masana, ophunzira onse ali pamakompyuta, nkhani imodzi inkatha kutenga theka la ola ikutsika, magetsi n'kuthima isanathe. Aphunzitsi ena ankatisiyira mndandanda madzulo, ife n'kutsitsa m'mamawa anthu asanadzuke, n'kuwapatsa pa fulashi. Mpumulo udadza mawaya a pansi pa nyanja a SEACOM ndi EASSy atafika kugombe la kum'mawa kwa Africa mu 2009 ndi 2010, ndipo pang'onopang'ono adalumikizidwa ndi dziko lathu lopanda doko.

Sindidzanyoza zimene zaka zimenezo zidatipatsa. Mphunzitsi wa unamwino amene kale ankaphunzitsa ndi buku la zaka khumi ndi zisanu zapitazo adayamba kuwerenga nkhani ya mwezi womwewo. Wophunzira wa digiri yachiwiri sankafunikanso kudikira mwayi wopita ku Ulaya kuti akaone zimene anzake adalemba. Nawonso magazini athu adatuluka kunja: Malawi Medical Journal imawerengedwa padziko lonse kudzera pa African Journals Online, imene INASP idayambitsa mu 1998, ndiponso pa PubMed. Society of Malawi Journal, imene idayamba mu 1948 ngati Nyasaland Journal, ili pa JSTOR kuyambira voliyumu yoyamba. Amene adaonapo envelopu ya ku Boston Spa sangalakelake kubwerera m'mbuyo.

Koma pakauntala padayamba kuzizira. Ophunzira ankadzazabe mipando, chifukwa mulaibulale muli bata, masoketi ochajira ndi Wi-Fi. Amene adasowa ndi ochita kafukufuku enieni. Google Scholar itabwera mu November 2004, ambiri adayamba kufufuza ali muofesi, kenaka ali kunyumba, kenaka pafoni. Nkhani ikakana kutseguka amalembera mnzawo wophunzira ku South Africa kapena ku Britain, PDF n'kubwera pa WhatsApp tsiku lomwelo. Ena amapita ku Sci-Hub, tsamba limene Alexandra Elbakyan wa ku Kazakhstan adayambitsa mu 2011, limene limatsegula nkhani zokhomedwa popanda chilolezo cha osindikiza. Sindilimbikitsa njira imeneyo, koma ndimamvetsa chimene chimakankhira munthu kumeneko pamene nkhani imodzi ikugulitsidwa madola makumi atatu kapena kuposa. Chimene chimandipweteka n'chakuti nkhani zambiri zimene amazifuna kumeneko zili kale m'manja mwathu mwalamulo, kungoti munthuyo sadafunse pasiwedi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Palinso chinthu china chosaoneka. Mphunzitsi akadina mutu wa nkhani ali pakoleji, nkhaniyo n'kutseguka, amayesa kuti n'njaulere. Sadziwa kuti yatseguka chifukwa wina wa mulaibulale adalembetsa manambala a makompyuta a kolejiyo kwa osindikiza, adasaina pangano, ndipo adathamangathamanga kuti gawo la koleji ku mgwirizano lilipiridwe m'madola. Pamsonkhano wina wa bajeti pakoleji ina ndidamva munthu wophunzira bwino akufunsa kuti laibulale ikufuniranji ndalama zonsezo pamene zonse zili pa intaneti. Ankanena ndi mtima woona, pakuti ntchito yathu inali itabisika kuseri kwa galasi la kompyuta yake. Komatu ndalamazo zimafunikadi, ndipo kwacha ikagwa, monga mu 2012 kapena mu November 2023 pamene idatsitsidwa ndi 44 peresenti, mtengo wa pangano lomwelo umalumpha usiku umodzi. Buku la pepala ukaligula ndi lako mpaka lithe. Magazini a pa intaneti ukasiya kulipira, nthawi zambiri chitseko chimatsekeka, ndipo pashelefu sipatsala ngakhale mzere woduka uja. Makoleji atatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha COVID-19, ambiri adazindikira koyamba kuti nkhani zimene zinkatseguka muofesi sizitseguka kunyumba, ndipo mafoni athu adalira usana ndi usiku.

Chimene ndimadandaula nacho kwambiri si kuzizira kwa kauntala ayi, koma zimene makina ofufuzira amabisa kwa munthu wofufuza za Malawi. Makinawo amabweza mawu amene wawapatsa. Wophunzira akalemba Mangochi sapeza malipoti a Fort Johnston. Akalemba Nsanje, Port Herald samuona. Chitipa imabisa Fort Hill, Thyolo imabisa Cholo, Nkhotakota imabisa Kota Kota, Mulanje imabisa Mlanje. Wofufuza za chiyankhulo chathu akalemba Chichewa chokha amaphonya zambiri zolembedwa chisanafike chaka cha 1968, pamene chinkatchedwa Chinyanja. M'kabati ya makadi tinkaikamo khadi lolozera, lonena kuti onaninso dzina lakuti, ndipo pakauntala panali munthu wokumbutsa. Tsopano wophunzira amaona tsamba loyamba la zotsatira, n'kutenga nkhani khumi zoyambirira, n'kulemba m'pepala lake kuti nkhaniyi palibe adaifufuzapo m'Malawi.

Chonsecho idafufuzidwa. Ili m'malipoti a ku Chitedze, ku Bvumbwe ndi ku Makoka, osindikizidwa makope ochepa n'kugawidwa m'maofesi. Ili m'malipoti a Centre for Social Research ku Zomba. Ili m'mapepala a semina a ophunzira mbiri a ku Chancellor College, amene kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ankapita kumidzi kwawo patchuthi kukafunsa agogo za nkhondo za Angoni, za ulendo wa ku Joni ndi ku Halale, za njala ya 1949. Agogo amenewo adapita kalekale, ndipo mawu awo adatsala pa mapepala otaipidwa pa sitensulo okhawo. Akatswiri a mbiri monga John McCracken adadalira kwambiri mapepala amenewa. Ili m'nyuzipepala ndi magazini a m'ziyankhulo zathu, Msimbi, Boma Lathu, Moni, Odini, Kuunika, ndiponso m'tinyuzipepala tambirimbiri timene tidaphuka pa nthawi ya riferendamu ya June 1993, tina n'kufa patangopita miyezi yochepa. Zambiri mwa zimenezi Google siziona. Zotsatira zake n'zakuti mwana wa ku Dedza wolemba za chimanga cha ku Dedza amatchula kafukufuku wa ku Kenya ndi ku India, chifukwa ndiye amene watseguka pafoni yake, pamene lipoti la munda woyesera wa kwawo konko lili m'katoni, mamita makumi awiri kuchokera pamene wakhala.

Pa 18 December 2015 moto udapsereza laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 adatha usiku umodzi. Tonse a ntchitoyi tidalira. Abwenzi a kunja ndi a kuno adatumiza mabuku, ndipo ophunzira adapitiriza maphunziro mothandizidwa ndi magazini a pa intaneti, amene moto sungawakhudze. Buku la kemisitire losindikizidwa ku London limagulikanso. Chimene sichigulikanso ndi pepala la kafukufuku la wophunzira wa ku Chitipa kapena ku Nkhata Bay limene linali kope limodzi lokha padziko lonse. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene angandiuze kuti kujambula zolembedwa zathu n'kuziika m'kompyuta ndi ntchito yodikira chaka cha ndalama zambiri.

Ntchitoyo idayambika. Endangered Archives Programme ya British Library, imene idayamba mu 2004, idathandiza National Archives kusonkhanitsa ndi kujambula zolembedwa zina za m'maboma za nthawi ya atsamunda. Makoleji adatsegula nkhokwe zawo za pa intaneti, ambiri pogwiritsa ntchito DSpace, pulogalamu yaulere imene MIT ndi Hewlett-Packard adatulutsa mu 2002, ndipo makatalogi ambiri adasamukira ku Koha, yochokera ku New Zealand. Koma kujambula pa sikana ndi gawo laling'ono chabe. Pepala la sitensulo lofufuma inki makina saliwerenga bwino, zolemba pamanja za kalaliki wa kwa DC saziwerenga n'komwe, ndipo Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao amazisokoneza. Pamafunika munthu wokhala pansi n'kulemba mlembi, chaka, boma, mfumu ya deralo, dzina lakale ndi latsopano la malowo. Imeneyi ndi ntchito yomwe ija ya kutaipa makadi, ndipo ikufuna kusamala komweko.

Nawo mafunso amene akubwera tsopano ndi ena. Mphunzitsi wachinyamata amabwera ndi imelo yomuyamikira ndi kumulonjeza kusindikiza nkhani yake m'masabata awiri akalipira madola mazana angapo, ndipo amafunsa kuti, "Madala, kodi magazini iyi ndi yeniyeni?" Timakhala naye pansi kuyang'ana ngati ili pa Directory of Open Access Journals, ngati akonzi ake ndi anthu odziwika, ngati adiresi yake ilikodi. Jeffrey Beall wa ku Colorado ankasunga mndandanda wa magazini achinyengo otere mpaka adautseka mu January 2017, koma achinyengowo sadathe. Wina amabwera magazini yabwino itamulandira nkhani, koma ikufuna madola zikwi ziwiri kapena zitatu kuti nkhaniyo iwerengedwe ulere. Timamuthandiza kupempha kuti amuchotsere malipiro, popeza osindikiza ambiri amachotsera olemba a m'maiko ngati lathu koma sakuuza ukapanda kufunsa. Ndipo chibwerereni ChatGPT kumapeto kwa 2022, kwayamba kubwera ophunzira ndi mitu ya nkhani yooneka bwino, ya mlembi wodziwika, chaka ndi nambala ya tsamba, akuti tiwapezere. Timafufuza ponseponse, n'kupeza kuti nkhaniyo sidalembedwepo, makina adangoipeka. Pamenepo ndimamuonetsa mwanayo mmene angatsimikizire yekha ulendo wina, kuyambira pa tsamba la magaziniyo, voliyumu ndi voliyumu.

Achinyamata amene atenga ntchitoyi akandifunsa poyambira, ndimawauza kuti ayambe ndi zimene zili kope limodzi. Mapepala a semina a sitensulo ayambe, chifukwa inki yake ikutha. Zitsatire nyuzipepala za 1992 mpaka 1994, zimene zidasindikizidwa pa pepala lotchipa lomwe layamba kale kuthetheka m'mphepete. Kenaka malipoti a m'minda yoyesera, asanadyedwe ndi chiswe m'maofesi a zaulimi, ndi mapepala a digiri a chaka chilichonse, amene ophunzira azipereka ali kale m'kompyuta asanalandire satifiketi. Mabuku a ku Ulaya adikire, pakuti eni ake adawajambula kale. Ndipo chilichonse chojambulidwa chisungidwe malo awiri otalikirana, china ku Zomba, china ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, pa makina a makoleji athu olumikizidwa ndi MAREN, ndi munthu wodziwika dzina amene ntchito yake ndi kutsegula mafaelowo chaka ndi chaka kuona ngati akadali kuwerengeka.